Mawu a M'buku la Mwandida

Mwandida anafika madzulo ndi buku lake la unamwino,
chala chili pa mzere umodzi.
"Ababa, pa Chichewa timati chiyani
mtsempha ukachepa m'kati,
magazi n'kumadutsa movutikira?"
Ine ndinali ndi misomali itatu pakamwa,
nsapato ya mwini pabondo.
Ndinalavulira misomaliyo m'dzanja.

Kuthina, mwana wanga. Lemba kuthina.
Ndi matenda omwe anthu amandibweretsera pano pa Mbare:
nsapato ya ukwati yogula mothamanga,
chala chachikulu chikulira m'kati.
Ndimainyowetsa, ndimailowetsa chipika,
imagona masiku awiri, kenako imavomera.
Chikopa sichisunga mangawa.

Anapukusa mutu. Akuti mtsempha si nsapato.

Chabwino, lemba kufinya,
muja amayi ako amachitira ndi nsanza yokolopera
mpaka dontho lomaliza.
Kapena kupana.
Chitseko cha kombi chinandipana chala pa Copacabana,
kondakitala akukuwa kuti malo alipo,
tili anayi pa mpando wa atatu,
dengu la matimati a mayi wina lili pa miyendo panga.
Chikhadabo chinada, chinagwa, china chinamera chokhota.
Ndi ichi, taona.

Atate anga, a Kambalame a ku Ntcheu,
ankati nsato siluma kuti iphe.
Imakukulunga, n'kudikira.
Ukatulutsa mpweya, iyo imakoka pang'ono,
ukatulutsanso, imakokanso.
Ankanena izi maso ali pa khoma la ku Matapi,
chipinda chimodzi, anthu asanu ndi awiri,
chinsalu chopachika pa waya ndiye chitseko cha makolo.
Nsatoyo sindinaionepo ine.
Koma ndinagonamo.

Palinso kubanika.
Iwe unali wamng'ono, sungakumbuke,
usiku womwe utsi wa zinyalala unakwera kuchokera ku Mukuvisi,
chifuwa cha mlongo wako Dalitsani chikuimba mluzu ngati ketulo.
Ndinathamanga naye kumsana opanda nsapato,
ine wosoka nsapato,
ndikuwerenga mpweya wake pakhosi panga.
Unakwana. Pang'onong'ono, koma unakwana.

Ndipo mwezi ukamatha,
a Gwatidzo akagogoda ndi kabuku ka lendi,
timangoyang'anana ndi amayi ako: zathina.
Lamba ndinamuboola kale mabowo awiri atsopano,
zida ndili nazo.

Chimodzi sindinamuuze.
Kuti chinenero chomwe akundifunsachi
nachonso chimayenda m'mtsempha wochepa.
Atate ankachilankhula mokweza pa bawo,
ine ndimachitsitsa mawu pa mzere wa buledi,
iye amachitola apa ndi apo
ngati makobidi ogwera pansi pa bedi.

M'malo mwake ndinati:
usaganize kuti kuthina konse n'koipa.
Ulusi wanga ukalekerera, chidendene chimayasama pamvula.
Chitenje chimene chinakusunga kumsana
pakati pa chipwirikiti cha pa Musika
chinali chomanga zolimba.
Munthu akatemeka ku Magaba ndi lata,
si paja mumamanga pamwamba pa bala?

Anaseka, n'kutulutsa m'chikwama kalamba ka kuchipatala.
"Bweretsani mkono, ndiphunzirire pa inu."
Anakulunga, anapopa, anapopanso.
Dzanja linalemera ngati la wina,
zala zikuchita dzanzi,
mtima ndikuumva ukugogoda pa chigongono
ngati mlendo wofika usiku.
Kenako katsss, mpweya unatuluka,
magazi anabwerera kwawo akutentha.

Anayang'ana manambala nthawi yayitali kuposa momwe ndikanafunira.
"Muchepetse mchere, ababa."

Pambali pa tsamba, ndi pensulo,
analemba kuti kutina.
Ndinamubwereka pensuloyo ndi zala zanga za guluu,
ndinapanikiza kachilembo kosowako pakati,
malo anali ochepa koma kanalowa.

Ndinabwezera misomali pakamwa.
Mwini nsapato ankabwera mawa lake m'mawa.